"Take": Mlendo Amene Anasanduka Mwini Mudzi

Nkhani ya lero ikunena za liwu limodzi la Chingerezi, liwu lalifupi la zilembo zinayi zokha: t, a, k, e. Mwana amene wangodziwa kumene kuwerenga Chichewa akaliona pa bolodi amaliwerenga kuti "ta-ke", monga mmene limamvekera m'mawu akuti "tiana take" kapena "timiphika take". Aphunzitsi amamuwongolera kuti eni ake amati "teik", ndipo pambali pake amalemba tanthauzo lake: kutenga. Mwanayo amakopera m'kope mwake, nakhulupirira kuti liwulo walimaliza. Chimene sadziwa n'chakuti wangoona mphuno za ng'ona pamwamba pa madzi. Thupi lonse likali pansi. Mwa aneni onse a Chingerezi, ndi owerengeka amene amasokeretsa wophunzira kuposa ameneyu, ndipo kusokerako sikuthera m'kalasi ayi.

Pa botolo la mankhwala a kuchipatala pamalembedwa kawirikawiri mawu akuti "take one tablet three times a day". Pamenepa palibe chonyamula. Akunena kuti wodwala amwe piritsi limodzi katatu pa tsiku. Pa mabotolo ena, makamaka a mankhwala opaka pakhungu kapena otsukira zilonda, pamapezeka mawu akuti "not to be taken". Munthu amene anangoloweza kuti "take" ndiye kutenga angayese kuti akumuletsa kuchoka nalo botololo, chikhalirecho chenjezo lake ndi lakuti asayerekeze kumwa mankhwalawo. Ku bwalo la milandu mboni imauzidwa kuti "take the oath", ndiko kulumbira. Kalata yoitanira anthu ku msonkhano imati msonkhanowo "will take place" tsiku lakutilakuti, ndipo palibe malo amene adzalandidwe, akungoti udzachitika. M'ziganizo zinayi zimenezi liwu la Chingerezi ndi limodzi lomwelo, koma Chichewa chafuna aneni atatu osiyana, kumwa, kulumbira ndi kuchitika, ndipo kutenga sikunaoneke ndi kamodzi komwe.

Vutoli silinayambe ndi ana a sukulu a kuno. Angerezi eni ake analimbana nalo kalekale. Pamene Samuel Johnson anatulutsa dikishonale yake yotchuka ku London m'chaka cha 1755, mneni ameneyu yekha anamupezera matanthauzo 134, nadzaza naye masamba asanu. M'mawu otsogolera bukulo Johnson anadandaula kuti ntchito yake inakula kwambiri chifukwa cha kagulu ka aneni aafupi amene matanthauzo awo ndi otayirira, ovuta kuwamanga mtolo umodzi, ndipo "take" anamutchula m'kagulu komweko pamodzi ndi "get", "put", "set" ndi "make". Komabe aneni omwewa ndiwo mizati ya chiyankhulocho. M'chaka cha 1930 katswiri wina wa ku Cambridge, C. K. Ogden, anakonza Chingerezi chofupikitsidwa chotchedwa Basic English, cha mawu 850 okha, kuti anthu a mitundu ina azichiphunzira msanga. Aneni anasiyamo 18 basi, ndipo "take" sanathe kumutaya. Owerengetsa mawu masiku ano, amene amagwira ntchitoyo ndi makompyuta, amapeza kuti iye ali m'gulu la aneni khumi amene amamveka kawirikawiri koposa onse m'Chingerezi.

Tsono munthu angaganize kuti liwu lozika mizu chotere linabadwira m'Chingerezi momwemo. Iyayi, ndi mlendo. Makolo a Angerezi, mitundu yotchedwa Angles, Saxons ndi Jutes, anaoloka nyanja kulowa m'chilumba cha Britain cha m'ma 450, kuchokera ku madera amene lero ali kumpoto kwa Germany ndi ku Denmark. M'chiyankhulo chawo munalibe "take". Pofuna kunena za kutenga iwo ankati "niman". Liwu limeneli liri ndi abale ake amene akali moyo kufikira lero: Ajeremani amati "nehmen", anthu a ku Netherlands amati "nemen", ndipo m'Chiafrikaans cha ku South Africa muli "neem", liwu limene amuna ena amene anakagwira ntchito ku Johannesburg angalikumbukire. Kwa zaka zoposa 600, mfumu potenga msonkho, mlimi potenga nkhwangwa, mayi potenga mwana, onse ankati "niman", ndipo panalibe amene akanalota kuti liwulo lidzatha.

Zinthu zinayamba kusintha m'chaka cha 793, pamene ngalawa zazitali zochokera kutsidya la nyanja zinakocheza pa kachilumba ka Lindisfarne, kumpoto chakum'mawa kwa England. Anthu amene anatulukamo anafunkha nyumba ya amonke, ena nawapha, ena nawagwira ukapolo. Anthuwa ndiwo a Viking, ochokera ku Denmark ndi ku Norway. Poyamba ankabwera kudzafunkha n'kubwerera kwawo. Koma mu 865 kunafika gulu lalikulu la nkhondo losafuna kubwerera, ndipo chaka chotsatira linalanda mzinda wa York. Maufumu a Angerezi anagwa umodziumodzi, kufikira pamene Mfumu Alfred ya ku Wessex inagonjetsa adaniwo pa nkhondo ya ku Edington mu 878. Pangano limene linatsatira linagawa dziko pawiri: kumwera ndi kumadzulo kunakhala kwa Alfred, kumpoto ndi kum'mawa kwa alendowo. Dera lawolo linadzatchedwa Danelaw, ndiko kuti kumene kukutsatidwa malamulo a anthu a ku Denmark. Kumeneko anagawana minda, namanga midzi. Maina a malo monga Grimsby, Derby ndi Whitby ndiwo mboni, pakuti "by" m'chiyankhulo chawo ndi mudzi. Patsogolo pake Cnut, mwana wa mfumu ya ku Denmark, analamulira England yense kuyambira 1016 mpaka 1035.

Chiyankhulo cha alendowa, chimene akatswiri amachitcha Old Norse, chinali pachibale ndi Chingerezi chakale, kotero kuti anthu a mbali ziwirizi ankatha kumvanako pa msika, monga momwe Mchewa ndi Msena amamvanirana akadekha. M'chiyankhulo chimenechi kutenga ankati "taka". Pano pali chinthu choyenera kuchisinkhasinkha. Si chachilendo kuti chiyankhulo chibwereke dzina la chinthu chatsopano. Chichewa chinalandira "sukulu", "buku", "supuni" ndi "tebulo" chifukwa mawuwo anabwera pamodzi ndi zinthu zake. Koma palibe mtundu wa anthu umene umasowa liwu lonena za kutenga. Kuti anthu asiye liwu lawolawo la tsiku ndi tsiku nayamba la mnansi, ndiye kuti mnansiyo wafika mpaka pamafuwa: mitundu yakwatirana, ana akumva bambo akuti "taka", mayi akuti "niman", ndipo iwo akusankhapo limodzi. Umo ndi mmene Chingerezi chinapezera mawu ena a pakhomo monga "egg", dzira, "leg", mwendo, "skin", khungu, "knife", mpeni, "window", zenera, "husband", mwamuna wapabanja, ngakhalenso alowam'malo aja akuti "they", "them" ndi "their". M'kupita kwa mibadwo zidzukulu za a Viking zinaiwala chiyankhulo cha makolo awo n'kumayankhula Chingerezi, koma Chingerezi chake chinali chitasintha. Omvera a ku Ntcheu ndi ku Dedza sangadabwe nazo zimenezi. Angoni a kumeneko anafika ndi nthungo ndi zishango. Lero amayankhula Chichewa, komabe mawu monga "inkosi" ndi "nduna" anatsala m'kamwa mwa anthu onse.

Mpikisano wa mawu awiriwa unakhala zaka pafupifupi 400. "Take" akuyamba kuoneka m'zolembedwa chaka cha 1100 chiri pafupi, m'buku la mbiri ya dziko limene amonke ankalemba chaka ndi chaka, lotchedwa Anglo-Saxon Chronicle. Amonke a ku Peterborough, amene anapitiriza bukulo mpaka 1154, ankalemba mawu onse awiri, pena lakale, pena latsopano, ngati mwamuna wa mitala. Liwu latsopanolo linayenda pang'onopang'ono kuchokera kumpoto kutsikira ku London. Pofika masiku a mlakatuli Geoffrey Chaucer, amene anamwalira mu 1400, linali litapambana kale mu mzindawo, ndipo cha m'ma 1500 lakale lija linali litatsala pang'ono kuzimirira. Wochitira umboni kuti nthawi imeneyo mawu a kumpoto ndi a kumwera ankasokoneza anthu ndi William Caxton, amene anabweretsa makina osindikizira mabuku ku England mu 1476. M'chaka cha 1490 iye analemba za wamalonda wina amene anapempha mazira kwa mayi wina wa ku Kent potchula liwu lochokera kwa a Viking, "egges". Mayiyo anayankha kuti iye samva Chifalansa. Wamalondayo anakwiya, pakuti nayenso Chifalansa sankachidziwa, mpaka mnzake anatchula liwu lakale la kumwera, "eyren", ndipo pamenepo mayiyo anamva. Zimene zinachitikira dzira zinachitikiranso mneni wa kutenga: pa mawu awiri, la alendo ndilo linakhala.

Koma munthu akasamuka pa mudzi, bwinja lake silisowa. "Niman" atachotsedwa m'nyumba za anthu aulemu anakabisala m'kamwa mwa mbala, kumene "nim" ankatanthauza kuba. William Shakespeare ali ndi msirikali wina wakuba, dzina lake Nym, m'masewero ake awiri, The Merry Wives of Windsor ndi Henry V, ndipo m'sewero lachiwirilo msirikaliyo amathera pa chingwe. Mawu ena awiri ochokera ku tsinde lomwelo akali kugwira ntchito ngakhale lero, eni ake ambiri osadziwa. Loyamba ndi "numb", limene limanena za chiwalo chochita dzanzi. Kale linali "numen", kutanthauza chogwidwa kapena chotengedwa, popeza Angerezi akale ankaona ngati mwendo wagwidwa ndi chisanu kapena nthenda, monganso Achewa amati dzanzi landigwira. Lembo la b analiwonjeza pambuyo pake, ndipo silitchulidwa. Lachiwiri ndi "nimble", munthu wochangamuka ndi wopepuka thupi, limene poyamba linkanena za munthu wofulumira kugwira chinthu.

Kunena za katchulidwe, mwana wowerenga kuti "ta-ke" sali kutali kwenikweni ndi mbiri. M'masiku a Chaucer liwuli linkatchulidwa ndi a wokoka, ndipo e wa kumapeto ankamvekanso, makamaka m'ndakatulo. Kuyambira cha m'ma 1400, kwa zaka mazana angapo, katchulidwe ka malembo a liwu okoka kanasintha m'Chingerezi, a uja nasanduka pang'onopang'ono "ei", e wotsiriza nakhala chete. Koma makina osindikizira anali atayamba kuumitsa kalembedwe, motero zilembo zinatsala pamene zinali, pakamwa pokha napitiriza ulendo. N'chifukwa chake "name", "make" ndi "late" nawonso amalembedwa mwina natchulidwa mwina. Ponena za nthawi yakale mneniyu salandira "ed" monga anzake ambiri. Amasintha lembo la pakati, nakhala "took" ndi "taken", kutsata njira ya "shake", "shook", "shaken". Ana aang'ono a ku England komweko amayamba anena kuti "taked" asanazolowere, choncho wophunzira wa kuno wolakwa chomwechi sayenera kuchita manyazi. Ayenera kungoloweza mawu atatuwo pamodzi.

Nanga matanthauzo ochuluka chonchi munthu angawagwire bwanji? Njira yake ndi kubwerera ku tsinde. Tanthauzo loyambirira la liwuli linali kukhudza kapena kugwira ndi dzanja. M'chiyankhulo cha mtundu wa a Goth, amene Baibulo lawo linamasuliridwa m'zaka za m'ma 300, muli mbale wake "tekan", kutanthauza kukhudza. Ku Sweden ndi ku Norway lero amati "ta", ku Iceland akali kunena kuti "taka". Wophunzira akaika dzanja la munthu m'maganizo mwake, nthambi zonse za mneniyu zimaoneka pamene zaphukira.

Dzanja limagwira mwamphamvu, ndipo pamenepo pamachokera "take a town", kulanda mzinda, ndi "take prisoners", kugwira adani pa nkhondo. Dzanja lomwelo limatambasuka kulandira: "take a gift" ndi kulandira mphatso, "take a bribe" ndi kulandira chiphuphu, "take advice" ndi kumvera malangizo, "take the blame" ndi kusenza mlandu. Chimene dzanja lalandira limatha kupita nacho kukamwa, ndipo apa ndi pamene pali mankhwala aja, komanso funso limene mlendo amafunsidwa pa tiyi, "do you take sugar?", ndiko kuti kodi mumathira shuga. Chichewa chimati kumwa mankhwala ngakhale liri piritsi louma gwa, koma wonena kuti "drink tablets" Mngerezi amamumva nadziwa kuti akumasulira m'mutu. Dzanja limalozanso chimene munthu wasankha. "Take a seat" ndi kuti khalani pansi, ndipo mlendo wonyamula mpando angadabwitse eni nyumba. "Take the road to the left" ndi kutsata msewu wa kumanzere. "Take a bus" ndi kukwera basi, ndipo pano pali choseketsa, pakuti basi ndiyo imanyamula munthu, koma Chingerezi chimati munthu ndiye watenga basi. Womasulira kukwera kuti "climb" wadziika pa denga pamodzi ndi matumba a chimanga.

Maganizo nawo ali ndi dzanja lake logwirira zinthu. "I take your point" ndi kuti mfundo yanu ndaimva. "He took it badly" ndi kuti nkhaniyo inamupweteka mtima. "She took him for a doctor" ndi kuti anamuyesa dokotala pamene sali dokotala. Kuchokera pamenepa nkosavuta kuona gwero la liwu limene mwana wa sukulu aliyense amaliopa, "mistake". Nalonso linadza ndi a Viking, amene ankati "mistaka", kutenga chinthu china m'malo mwa chinzake. Palinso nthambi ya nthawi: "the journey takes three hours", ulendowo umatenga maola atatu, ndipo pokhapa ziyankhulo ziwirizi zagwirizana. Nthambi yotsiriza ndi imene mneniyu amakhala ngati thumba lopanda kanthu, tanthauzo lonse liri m'dzina lotsatira: "take a bath" ndi kusamba, "take a walk" ndi kuwongola miyendo, "take a look" ndi kuyang'ana, "take a photograph" ndi kujambula. Pa zimenezi pali chimodzi chofunika kusamala nacho. "Take an examination" ndi kulemba mayeso chabe. Kukhoza ndi "pass". Kholo lolandira kalata yakuti mwana "took the examination" lisafulumire kupha nkhuku.

Pali malo ena pamene Chichewa chimathandiza wophunzira kuposa buku liri lonse, ndipo ndi pa kusiyanitsa "take" ndi "bring". Loyambalo ndi kupita nacho, lachiwirilo ndi kubwera nacho. Agogo ali pakhomo amati "take the child to hospital", pita naye mwana kuchipatala. Namwino ali kuchipatalako amati "bring the child", bwera naye. Wokumbukira kupita ndi kubwera sangasokoneze mawu awiriwa. Koma mbali ina, sikuti paliponse pamene Mchewa wanena kutenga Mngerezi adzati "take". Wobwera ku positi ofesi kudzatenga phukusi lake amati "collect". Mtsikana wotumidwa kukatenga madzi wauzidwa kuti "fetch". Wotenga chimfine kwa mnzake amati "catch". Kutenga ndi "take" ali ngati minda iwiri yogundana malire: pali mizere ingapo imene eni ake onse amalima, koma uli wonse uli ndi chigawo chake chachikulu kumene winayo safika.

Chovuta koposa zonse, chimene Johnson yemwe ananena kuti ndicho chimasautsa alendo ophunzira Chingerezi, ndi timawu tating'ono timene timatsata mneni ndi kumutembenuza: "off", "in", "on", "up", "down", "over", "back". "Take off" ndi kuvula malaya, ndiponso kunyamuka kwa ndege, ndiponso kuchotsera mtengo wa katundu m'sitolo. "Take in" ndi kulandira mlendo m'nyumba; kwa telala ndi kuchepetsa chovala chachikulu; kwa wophunzira ndi kumvetsa phunziro; koma munthu wodandaula kuti "I was taken in" akunena kuti anamupusitsa. "Take on" ndi kulemba munthu ntchito. "Take up" ndi kuyamba ntchito kapena chizolowezi chatsopano. "Take down" ndi kutsitsa chinthu, komanso kulemba zimene wina akuyankhula, monga amachitira mlembi wa msonkhano. "Take back" ndi kubweza katundu, komanso kubweza mawu amene munthu ananena atapsa mtima. Ngakhale malo a kaliwuko ali ndi ntchito: "take over" ndi kulowa m'malo mwa wina pa udindo, pamene "overtake" ndi kupitirira galimoto inzake pa msewu. "Undertake" ndi kulonjeza kuti ntchito udzaichita, koma "undertaker" ndi munthu wa ntchito yokonza maliro. Ndipo mlowam'malo akakhalapo amakhala pakati: amati "take it off", osati "take off it".

Zimenezi zimaoneka ngati nkhalango, komatu Mchewa amayenda m'nkhalango yonga yomweyi tsiku ndi tsiku osasokera. Chimene Chingerezi chimachita ndi timawu totsata mneni, Chichewa chimachita ndi timaphatikizo tomata ku tsinde. Pa tsinde la "tenga" pamaphuka kutengera, kutengeka, kutengana ndi kutengedwa. Mnyamata wotengeka ndi anzake palibe amene wamunyamula, wangokopeka. Awiri amene atengana ndiye kuti alowa m'banja. Chitengwa ndi mwambo wakuti mkazi akakhale kwawo kwa mwamuna, ndipo mtengatenga ndi kayendedwe ka anthu ndi katundu. Mlendo wophunzira Chichewa amene analemba m'kope mwake kuti kutenga ndi "take" basi, angaime kakasi pa mawu onsewa, monga momwe mwana wa kuno amaimira pa "take in". Ndipo nthawi zina ziyankhulo ziwirizi zimakumana pa mphambano mosapangana. Mwana wofanana ndi bambo wake nkhope kapena khalidwe Achewa amati watengera bambo wake. Angerezi amati "he takes after his father". Mitundu iwiri yotalikirana chotere inaona chinthu chimodzi: kuti mwana amachita ngati watambasula dzanja, natapa kanthu mwa kholo lake.

Mbiri ya mneniyu iri ndi chigawo chinanso chimene chimakhudza kalembedwe ka ophunzira. M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy analanda England, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 Chifalansa ndicho chinali chiyankhulo cha kunyumba ya mfumu ndi ku mabwalo a milandu. Kudzera m'Chifalansa ndi m'Chilatini munalowa mawu ambiri amene amagwira chigawo chimodzichimodzi cha ntchito ya "take": "receive" ndi "accept" pa kulandira, "capture" ndi "seize" pa kugwira, "remove" pa kuchotsa, "occupy" pa kulanda malo. Popeza mawuwa anayambira kwa akuluakulu, mpaka lero amamveka aulemu, ndipo ndiwo amadzaza makalata a boma ndi a malamulo. Ophunzira ambiri amawathamangira poyesa kuti liwu lalitali ndilo chizindikiro cha maphunziro. Chikhalirecho mawu aatali ndiwo osavuta, pakuti liri lonse liri ndi matanthauzo ochepa okhazikika. Mwana angaloweze "remove" m'mawa umodzi, koma "take off" amafuna zaka za kumva ndi kuwerenga. Wolemba kalata yofunsira ntchito angagwiritse mawu aulemuwo, ndipo achita bwino. Koma pa tsiku loonana ndi olemba ntchito, mafunso adzabwera m'mawu aafupi, ndipo pamenepo ndi pamene pamadziwika amene Chingerezi anachimwa ndi amene anangochinunkhiza.

Tsono langizo kwa ana a sukulu, kwa aphunzitsi awo ndi kwa akuluakulu amene akuphunzira okha kunyumba ndi losavuta. Mneni wotere asalembedwe yekha m'kope ndi liwu limodzi la Chichewa pambali pake. Alembedwe pamodzi ndi anzake amene wapezeka nawo, chiganizo chonse chathunthu, ndipo pambali pake palembedwe mmene Mchewa anganenere chinthu chomwecho pakhomo pake: kumwa, kukwera, kuvula, kulumbira, kutengera. Pakutha pa chaka tsamba limenelo lidzakhala litadzaza, ndipo lidzaposa mndandanda wa mawu aatali zana limodzi. Wokumana ndi "take" pa botolo la mankhwala, pa chikalata cha ngongole kapena pa kalata ya ku khoti, nakayika tanthauzo lake, afunse kwa odziwa asanachite kanthu, pakuti akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mlendo ameneyu wakhala m'Chingerezi zaka zoposa 900, wakwatira m'mabanja ambiri, ndipo banja liri lonse limamuitana ndi dzina lake. Wofuna kumudziwa ayenera kuyamba wafunsa kuti lero ali pakhomo pa yani.